Webusaiti ya Oyez inandithandiza pa nkhani ya pemphero kusukulu ya mwana wanga

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15 ndipo ali pa sekondale ya boma kuno ku America. Tsiku lina anabwera nkhope ili yakugwa. Iye ndi anzake anayi anapempha chipinda choti azikumanamo Lachitatu akaweruka, aziwerenga Baibulo ndi kupemphera, koma mmodzi wa akuluakulu a pasukulupo anawabweza ponena kuti zachipembedzo siziloledwa pasukulu ya boma. Ine ndinangomuuza kuti ndi mmene zilili kuno, poti ndinamva kangapo kutchalitchi kuti mu 1962 khoti linathamangitsa pemphero m'sukulu. Mwanayo sanakhutire. "Ababa, chigamulocho munachiwerengapo nokha?"

Funso limenelo ndi lomwe linandifikitsa pa Oyez, webusaiti yaulere yosunga milandu ya Khoti Lalikulu la America. Amaiyendetsa mogwirizana a Legal Information Institute ya ku yunivesite ya Cornell, kampani ya Justia ndi sukulu ya zamalamulo ya Chicago-Kent. Sulipira kalikonse. Ukalemba dzina la mlandu, imakuuza mwachidule chomwe chinachitika, funso lomwe khoti linayenera kuyankha ndi chigamulo chake, ndipo pazithunzi za majaji umaona amene anavomera ndi amene anakana.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi mawu ojambulidwa. Khotili linayamba kujambula zokambirana zake mu 1955, ndiye umamva maloya ndi majaji akupanikizana ndi mafunso, zolembedwa zikutsatira wolankhulayo mzere ndi mzere. Ndinayamba ndi mlandu wa 1962 uja, Engel v. Vitale, nditavala mahedifoni patebulo lodyera ana atagona. Apa m'pamene ndinaona kuti zimene ndinamva zija zinali theka chabe la nkhani. Akuluakulu a maphunziro a boma la New York analemba okha pemphero la mawu 22 loti ana azinena m'mawa uliwonse. Mwana wosafuna ankaloledwa kukhala chete kapena kutuluka, komabe majaji 6 kwa mmodzi anati kulembera anthu mapemphero si ntchito ya boma. Khoti linaletsa boma, osati mwana wogwada mwa kufuna kwake. Ineyo, monga mkhristu, ndinapezeka ndikugwirizana ndi Jaji Hugo Black amene analemba chigamulocho, chifukwa sindingafune kuti mkulu wa mu ofesi amene sindidziwa chikhulupiriro chake aziikira mwana wanga mawu m'kamwa polankhula ndi Mulungu.

Milandu ya Lee v. Weisman ya 1992 ndi Santa Fe v. Doe ya 2000 ndinangowerenga chidule chake: sukulu isaitane mtsogoleri wachipembedzo kudzapemphera pa mwambo womaliza maphunziro, ndipo isakonze pemphero pa zokuzira mawu zake mpira usanayambe.

Umene ndinaumvetsera kawiri ndi wa 2022, Kennedy v. Bremerton, wa mphunzitsi wa mpira Joseph Kennedy wa m'boma la Washington, yemwe ankagwada pakati pa bwalo masewera akatha. Anapambana, majaji 6 kwa 3. Komatu ukangowerenga chidule sungamve Jaji Brett Kavanaugh, mmodzi wa omwe anamuikira kumbuyo, akufunsa za wosewera amene akuopa kuti akapanda kugwada nawo sadzamuika m'timu sabata yamawa. Funso limenelo linandisowetsa tulo, pakuti ndinali ndisanaganizeko za mwana wa mnzanga wachisilamu kapena wa banja losapemphera ataima pambali yekha.

Yankho la vuto lathu linali mu Westside v. Mergens wa 1990. Mtsikana wa ku Omaha, Nebraska, anakanizidwa kuyambitsa gulu lachikhristu pasukulu yomwe inali ndi gulu la chess. Khoti linati lamulo la Equal Access Act la 1984 likunena momveka: sekondale ya boma yolandira ndalama za boma lalikulu ikalola gulu limodzi losakhudza maphunziro a m'kalasi, isakanize lina chifukwa choti ndi lachipembedzo, bola likhale loyambitsidwa ndi ana eni ake ndipo asamakakamize aliyense.

Pali zoti munthu adziwiretu. Chingerezi chake ndi cha maloya, ndipo mawu ojambulidwa kalekale ena samveka bwino, moti ndinkaimitsa pafupipafupi n'kumawerenga. Muli milandu ya Khoti Lalikulu yokha. Malamulo a boma limene ukukhala ndi ndondomeko za sukulu yako uyenera kukafufuza kwina. Ndipo Oyez si loya. Sukulu ikanakakamira, ndikanafunabe munthu wodziwa malamulo.

Ife sizinafike pamenepo. Mwanayo analemba yekha kalata ya tsamba limodzi, anatchulamo mlandu wa Mergens ndi magulu ena amene amakumana kale pasukulupo, ine n'kungosainira m'munsi. Patatha masabata awiri anawapatsa chipinda. Tsopano amakumana ana 9, ndipo mphunzitsi wowayang'anira amakhala kumbuyo akuchonga mayeso, osapemphera nawo, chifukwa lamulo lomwelo silimulola kutenga nawo mbali.