Machubu akuda a mbande: kodi ndi abwino pophunzitsira ana a sukulu ya mkaka kufesa mitengo?

Machubu a pulasitiki amene amagulitsidwa m'mashopu a zipangizo zaulimi ndi otchipa, ndipo kwa ana a zaka 4 mpaka 6 amagwira ntchito bwino ndithu, koma mugule oboola pansi komanso okhuthala. Opyapyala aja amafumbutuka ndi dzuwa, mwana akangonyamula dothi lonse lili pansi.

Dothi lake sakanizani mbale 2 za dothi la pamwamba, 1 ya manyowa owolerana ndi 1 ya mchenga. Mchenga ukasowa, madzi amadikha, njere n'kuola.

Njere atole okha anawo. Chammwamba ndiye woyambira, chifukwa amamera pasanathe masabata 2, ana asanatope kudikira. Msangu umafuna munthu wamkulu akande pang'ono khungu la njere ndi chowengera zikhadabo, apo ayi umakhalitsa osamera. Pamenepo mpamene mungawafotokozere chifukwa chake msangu umamera mmene mumayenda mbuzi: zimadya zikhokhombe zake, khungu la njere limafewa m'mimba, kenako njereyo imagwa pamodzi ndi ndowe. Njere za mbawa ndi zopyapyala, amaziuluza ndi mphepo, ndipo sizichedwa kufa, choncho fesani zikangotoledwa. Njere za nsatsi asatole ayi, ndi poizoni.

Vuto la machubuwa ndi lakuti mwana saona muzu ukutuluka. Ikaniponso nyemba zingapo m'botolo loonekera lokhala ndi thonje lonyowa. Komanso mizu imaboola pansi n'kulowa m'nthaka, ndiye muzisuntha machubuwo masabata 2 alionse mpaka mvula itakhazikika mu Disembala.