Kawailesi ka Proclaimer pa utumiki woyendera odwala, okalamba ndi akaidi

Anthu ambiri amene amayenderedwa m'makomo, m'chipatala kapena kundende sangathe kudziwerengera okha Baibulo. Ena maso adafooka, ena sadapiteko kusukulu, ena matenda sawalola ngakhale kunyamula buku. Kawailesi ka Proclaimer kadapangidwira anthu oterewa, ndipo ntchito yake kamaigwira bwino, bola woyenderayo asayese kuti kawailesiko ndiko kakutumikira m'malo mwake.

Kamapangidwa ndi bungwe la Faith Comes By Hearing la ku Albuquerque, ku New Mexico m'dziko la America, lomwe lidayamba mu 1972. Timangokatcha kawailesi, koma sikagwira siteshoni iliyonse. Mkati mwake muli Chipangano Chatsopano, mabuku 27 ndi machaputala 260, chojambulidwa m'chilankhulo cha omvera. Kawirikawiri mawuwo amawerengedwa ndi anthu angapo ngati sewero: Yesu ali ndi mawu ake, Petro ake, wofotokoza nkhani akenso. Wodwala amene wagona chotseka maso amadziwa yemwe akulankhula popanda womuuza, ndipo apa m'pamene kawailesika kamaposa munthu mmodzi wowerenga mothamanga.

Mphamvu kamaipeza m'njira zitatu: pa dzuwa kudzera pa sola yake, pa magetsi, kapena popukusa chogwirira chake. Chopukusacho n'chopulumukira basi, chifukwa dzanja limatopa msanga ndipo phokoso lake limasokoneza omvera. Tchajani kutatsala tsiku limodzi kuti mukayendere anthu. Chimodzi chimene chingaphe Proclaimer msanga ndi kasamalidwe koipa ka batire. Kulisiya lothiratu moto kwa miyezi kumalifooketsa, ndipo kusiya kawailesi tsiku lonse pa chitsulo chotentha pofuna kuti sola igwire bwino kumaliwononganso, popeza kutentha kwambiri ndi mdani wa batire lililonse. Kaikeni pa thabwa kapena pa nsalu, sola itayang'ana dzuwa, ndipo muzipukuta fumbi pa solapo chifukwa fumbi limachepetsa mphamvu yolowa. Kukweza mawu mpaka kumapeto kumamalizanso moto msanga.

Mawu ake ndi amphamvu, moti opanga amati gulu la anthu 300 likhoza kumva. Koma kumva ndi kukambirana n'zosiyana. Gulu likapitirira anthu 20, olankhula kawirikawiri amakhala awiri kapena atatu okha, enawo amangokhala chete. M'chipinda cha odwala, yambani mwapempha chilolezo kwa oyang'anira ndi kwa amene agona pafupi, kenaka tsitsani mawu n'kukaika kawailesi pafupi ndi mutu wa wodwalayo.

Kamveredwe ndiko kamene kamafuna nzeru. Munthu wathanzi akamamvera mphindi 28 tsiku lililonse amamaliza Chipangano Chatsopano m'masiku 40, koma muyeso umenewu si wa wodwala. Kwa iye chaputala chimodzi chakwana, nthawi zina theka. Yambirani pa Marko: ali ndi machaputala 16 okha, nkhani zake n'zazifupi ndipo zimayenda mofulumira. Aroma ndi Ahebri asungeni kaye, chifukwa maganizo ake ndi olukanalukana ndipo munthu akaphonya chiganizo chimodzi amatayika. Mukamaliza kumvera, zimitsani ndipo funsani chimene wamva, chimene chamuvuta, ndi chimene akufuna kuti mupempherere. Akapempha kubwereza, bwerezani, ngakhale katatu. Cholakwika chofala n'choti woyendera amatsegula kawailesi n'kutulukira panja kukacheza, kapena amayamba kulalikira ulaliki wautali pamwamba pa zimene zamveka. Pa 1 Petro 4:11 akuti wotumikira atumikire ndi mphamvu yochokera kwa Mulungu kuti Mulunguyo alemekezedwe m'zonse, ndipo pafupi ndi bedi la wodwala kutumikirako nthawi zambiri ndi kukhala pansi, kumupatsa madzi, kumutembenuza, n'kumvetsera zimene mawuwo amukumbutsa.

Zofooka zilipo. Kufuna ndime imodzi pakati pa chaputala chachitali n'kovuta, pamene m'buku ukadangotsegula n'kuloza. Kawailesi kokhala ndi Chipangano Chatsopano chokha kalibe Masalimo, omwe odwala ndi anamfedwa amawapempha kwambiri, choncho nyamulaninso Baibulo losindikizidwa. Sikapezekanso wamba m'masitolo. Kawirikawiri kamafika kudzera m'mipingo ndi mabungwe ogwira ntchito limodzi ndi opangawo. Chifukwa choti n'kosowa, ena amakatsekera m'kabati kuopa kuti kawonongeka, ndiye kamafera momwemo batire litatha. Mpingo ukhale ndi kope lolembamo amene wakatenga, tsiku, kumene wapita nako ndi chaputala chimene alekezera, kuti woyendera wotsatira apitirize pomwepo.

Amene ali ndi foni yamakono akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Bible.is ya bungwe lomweli, yomwe ndi yaulere ndipo imalola kusunga mawuwo mufoni kuti azimveka popanda intaneti. Kwa wodwala mmodzi imakwanira. Pa gulu, kumalo kopanda magetsi, kapena kundende kumene foni saziloleza, Proclaimer ndiyo yoyenera, komabe kundendeko muyambe mwakaonetsa kwa akuluakulu kuti akavomereze musanalowe nako.