Paclitaxel kapena BV pa khansa ya Kaposi: ndalandirapo onse awiri

Mawanga akuda a Kaposi atandigwira miyendo, mpaka nsapato kukana kulowa, anandiyambitsa pa mankhwala a khansa otchedwa BV, kutanthauza bleomycin ndi vincristine. Patapita nthawi anandisinthira ku paclitaxel. Anzanga odikira nawo dripu amandifunsa kawirikawiri kuti abwino ndi ati, ndiye ndiloleni ndifotokoze zomwe thupi langa linakumana nazo.

Paclitaxel amaopsa pachiyambi pomwe. Sasungunuka m'madzi, choncho amawasakaniza ndi mafuta ochokera ku nsatsi, ndipo nthawi zambiri mafutawa ndi amene amawenga munthu. Ziwengozo zimakonda kubwera m'mphindi 10 zoyambirira za dripu yoyamba kapena yachiwiri. Ine zinandipeza pa yachiwiri. Nkhope inatentha ngati ndayang'ana pa mbaula, msana n'kuyamba kuwawa, chifuwa n'kuthina. Ndinangoti zii, kuopa kuvutitsa anesi omwe anali okha pa odwala ambirimbiri. Mayi wina amene anali pambali panga ndi amene anakuwa kuti, "Anesi, bambowa akubanika!" Anatseka dripu, anandibaya jakisoni, ndipo nditapepukidwa anatsegulanso koma ikudontha pang'onopang'ono. Dexamethasone ndi mankhwala oletsa ziwengo omwe amatipatsa dripu isanayambe ntchito yake ndi yoteteza ku ziwengo zomwezi. Mukaona kuti akukukolekerani botolo asanakupatseni, funsani, musachite manyazi.

Mukadutsa pamenepo, zotsala ndi zopiririka. Tsitsi limathothoka lonse, ndevu ndi nsidze zomwe. Pakapita masiku awiri kapena atatu mafupa ndi minofu zimaphwanya ngati malungo. Chachikulu n'chakuti asilikali a m'thupi amatsika, ndiye thupi likatentha kufika madigiri 38, si za Panado ayi, pitani kuchipatala usiku womwewo.

BV ndi yofatsa pamaso. Bleomycin ankandizizitsa madzulo a tsiku lolandira, kunjenjemera mpaka mano gwededegwedede, koma kukacha zatha. Tsitsi silinachoke kwenikweni, magazi sanatsike kwambiri. Vuto lake limabwera mwakachetechete. Bleomycin akachuluka m'thupi amaumitsa mapapo, n'chifukwa chake madokotala amawerengera kuti onse amene walandira moyo wako wonse asapitirire mayunitsi 400. Chifuwa chouma ndi wefuwefu pokwera kamtunda ungaziyese TB kapena Kaposi yemweyo walowa m'mapapo, pomwe ndi mankhwalawo. Amadetsanso khungu, ena amachita mizeremizere pamsana ngati akwapulidwa.

Vincristine ndiye anandisautsa zedi. Kudzimbidwa kwake kunali kwa masiku anayi osapita kuchimbudzi, nsagwada zikuwawa potafuna nsima. Kenako dzanzi: zala zinayamba kulephera kumanga mabatani a malaya, patapata ankavuka ine osamva. Paclitaxel nayenso amabweretsa dzanzi, tisanamizane, koma kwa ine silinafike pamenepo. Amene munamwapo ma ARV akale aja okhala ndi stavudine, kapena muli pa isoniazid wa TB, nenani msanga, chifukwa mitsempha yanu ikhoza kukhala yofooka kale. Amene muli pa ma ARV okhala ndi ritonavir nenaninso, popeza amachititsa kuti vincristine ndi paclitaxel yemwe achedwe kutuluka m'thupi.

Nanga pa matenda enieniwo? Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2020, yemwe odwala a ku Lilongwe ndi Blantyre anachita nawo, anapeza kuti patatha masabata 48, anthu 64 pa 100 alionse a pa paclitaxel matenda awo anali asanapitirire, pomwe pa BV anali 44. Onsewo ankamwanso ma ARV.

Ndiye atandifunsa lero, ndisankha paclitaxel. Choopsa chake chimandipeza ndili pampando, anesi ali pafupi ndi jakisoni. Cha BV chimakapezera munthu kunyumba patapita miyezi. Koma si nthawi zonse amene timasankha. Nthawi zina timalandira amene alipo, ndipo BV anaphwetsa miyendo yanga mpaka ndinavalanso nsapato. Tsitsi linameranso, lofewa ngati la khanda. Dzanzi la zala zakuphazi lidakalipo.