Filimu kapena sewero la pa TV: njira ziwiri za Lily Banda

Mu 2019, Lily Banda anaoneka m'malo awiri osiyana kwambiri. Mu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambula kuno ku Malawi, anali Annie, mchemwali wake wa William Kamkwamba. Mu Deep State, sewero la pa TV, anali Aïcha Konaté wa ku Mali.

Filimu ndi ya kanthawi, maola awiri basi. Wochita sewero sapatsidwa mpata wobwereza mawa, ndiye nkhope iyenera kuyankhula pompo. Taonani Annie, njala itavuta pakhomo, akusinkhasinkha zothawa ndi chibwenzi chake, mphunzitsi wa William. Sanena zambiri, koma mtima umakuwawa ngati ndi mlongo wako weniweni.

Sewero la pa TV limayenda m'magawo, choncho munthu amakhala ndi nthawi yokula pamaso pa oonera, ndipo ntchito imakhalitsa. Kwa wofuna kudya za luso lake, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Komabe ine mtima wanga uli pa filimu ija. Mmenemo Lily anayankhula Chichewa chathu, ndipo dziko lonse linachimva kudzera pa Netflix.