Za sipeya za Beetle yakale kuno ku Joni, werengani musanatumize ndalama

Abale anga kumudziko, ambiri mwakhala mukundifunsa za ka Beetle kanga, kagalimoto kakale ka Volkswagen, wina akuti mundipezereko kotero, wina akuti tisonkherane tigule tiwiri tikonze tigulitse kwa okonda magalimoto akale tidye phindu. Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi nonse mumve, chifukwa maloto enawa akupwetekani.

Kugula galimotoyo si nkhani ayi. Yanga ndi ya 1976, injini 1600, yopangidwa konkuno ku Uitenhage komwe pano akukutchula Kariega. Fakitale ya Volkswagen ya kumeneko inatulutsa ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979 ndiye ziphakasa zake zikupezekabe m'mayadi mwa anthu. Sipeya nazonso si kuti kulibe, dziko lonse anapanga ma Beetle oposa 21 miliyoni, ku Brazil anasiya mu 1996, ku Mexico mu 2003, pa intaneti zangoti mbwee. Chovuta ndi kupeza yoti ikwane pa galimoto yakoyo. Malamulo a kuno nthawi imeneyo ankafuna kuti zida zambiri zizipangidwa mdziko momwemuno, ndiye Beetle ya kuno simayendera limodzi ndi ya ku Germany ya chaka chomwecho, ndi yosakanizasakaniza. Onani Beetle ya kuno yotchedwa 1600S, windisikirini ndi yokhota ngati ya Beetle ya ku Germany yotchedwa 1303 koma miyendo yakutsogolo ndi ya mtundu wakale uja. Ukangolemba chaka chokha mu katalogu ya kunja, akutumizira chinthu choti m'maso ndi chomwecho koma pa galimoto chikukana.

Ine anandiotcha ndi ejenti wina wa zooda kunja, dzina sinditchula. Ndinkafuna madigadi yakumbuyo ndi nyali ziwiri zakutsogolo. Mkuluyo kulankhula kokoma, akuti bwana zonse ndi R4,200 mpaka pakhomo panu, ndi orijino ya ku Germany, masabata awiri zafika. Ndalama ndinapereka yonse. Masabata awiri aja anasanduka miyezi, foni akuyankha mwa apo ndi apo, kenaka uthenga uja wabwera woti katundu wafika koma muwonjezere R3,900 ya ndege. Ndikuti ya ndege iti poti munati zonse zili momwemo? Eti a ndege sawerengera kulemera kokha, amayezanso kukula kwa katoni, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi ndi msinkhu m'masentimita kenaka kugawa ndi 5,000. Katoni ya 110 kwa 60 kwa 40 imatuluka makilo pafupifupi 53, pomwe chitsulo chili mkatimo mwana atha kunyamula ndi dzanja limodzi. Munthu woti ntchito yake ndi yomweyi angaiwale zimenezi? Ankadziwa bwinobwino, anangodikira kuti ndalama yanga ilowe kaye ndisathenso kubwerera m'mbuyo.

Sizinathere pompo. Msonkho R1,100, ndipo dziwani kuti VAT ya 15% pa katundu wochokera kutali samaiwerengera pa mtengo wogulira wokha, amayamba awonjezerapo 10% ndi duty, kenaka ndiye 15% ija pamwamba. Umenewo ndi lamulo sindikudandaula nawo. Chondiwawa ndi R780 ya "kiliyarensi" yomwe sinatchulidwepo paliponse, ndi R95 tsiku lililonse ya sitoreji pa masiku omwe iye mwini anakhala chete osandiuza kuti katundu wafika. Kuwonkhetsa zonse inadutsa R10,000, pa chinthu cha R4,200!

Nanga katunduyo? Madigadi si ya ku Germany, ndi yokopera, chitsulo chopyapyala ngati cha chitini cha mafuta ophikira, mabowo a mabawuti osalunjika, malo a nyali yakumbuyo ndi a nyali ina osati yanga. Nyali zakutsogolo zinali za mayiko oyendetsa kumanja kwa msewu, galasi lake limaponya kuwala mbali inayo, kuno ndi kumudzi komwe timayenda kumanzere ndiye ukungothobwa anzako obwera kutsogolo, ku roadworthy, koyeza ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, sizingadutse. Nditadandaula anangoti zooda mwapadera sitibweza.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndingamuikire umboni, madala ena ake omwe ali ndi ziphakasa za ma Volkswagen kuseri kwa nyumba yawo. Ndinapita ndi R2,800 m'thumba kukagula kabureta ya Solex chifukwa injini imangozima pa roboti. Iwo akuti chakalecho chili kuti? Sindigulitsa kanthu ndisanaone chakale. Nditabwera nacho anachitembenuza, kugwedeza ka shafiti ka thirotolo, akuti kabureta yako ndi yabwino kuposa zatsopano zomwe zikubwera masiku ano, yangodyeka apa ikuyamwa mpweya, ikufunika ma bushi ndi ma gasiketi basi. R450. Ndalama yaikulu anaikana okha, yomwe ndinali nditaitulutsa kale. Ndi omwewonso anandikwezetsa mpando wakumbuyo kundionetsa nambala ya chasisi yomwe inadindidwa pa msana wapakati paja, ndi ya injini pansi pa mwendo wa jenereta, akuti magalimoto amenewa pofika lero ambiri anasinthidwa injini kangapo, pepala likunena zina chitsulo chikunena zina. Asanandilole kutuluka pageti anandisinthitsa paipi ya petulo, chifukwa ikauma n'kung'aluka petulo amadonthera pa injini yotentha, ma Beetle ambiri anatha ndi moto osati ngozi. Za labala zosungidwa kalekale, ngakhale zili mu pepala lake la fakitale, akuti usagule, labala amakalamba ali pa shelefu pomwepo.

Tsono inu a bizinesi ya kukonza n'kugulitsa, tamverani. Penti yowala ija musaikhulupirire, suzumirani pansi pa batire kumpando wakumbuyo ndi m'mphepete mwa zitseko munsimu momwe mumadutsa mpweya wa hita, dzimbiri limayambira mmenemo ndipo kuwotcherera kwake kumadya ndalama kuposa injini. Ogula magalimoto otere si opusa, amabwera ndi maginito kufufuza pomwe mwamata. Ndipo ndi galimoto yofuna dzanja pafupipafupi, ma valuvu kuwatchera pa 0.15 mm injini itazizira, oyilo kusintha msangamsanga poti ilibe fyuluta yeniyeni koma kasefa chabe, ukanyozera silinda nambala 3 imatentha n'kudula valuvu. Ngati makaniko wanu anazolowera zongolumikiza kompyuta, muzingoikankha. Ndalama ya fizi ya ana kapena ya malata musaiike apa, ndanena.

Amene muli nayo kale ndipo mukufuna ndikufufuzireni sipeya, munditumizire chithunzi cha nambala ya chasisi, cha nambala ya injini, ndi cha chakalecho mutachiika pambali pa tepi yoyezera, muwerengenso mabawuti a tayala ngati ndi 4 kapena 5 komanso ngati magetsi ndi 6 kapena 12 volts. Mtengo ndikuuzani pokhapokha wonyamula atalemba kuti ndalama yake ikuphatikiza chani. Uthenga wongoti "ndi Beetle ya kale ija" sindiyankha.