Kabotolo kobulidira mabuleki pawekha, kagulidwe kapena ayi?

Ine ndikuti kagulidwe, bola mudziwe kuti kamangochotsa mpweya m'mapaipi a mabuleki basi. Ndikunena kabotolo kapulasitiki kaja kokhala ndi paipi yoonekera mkati ndi valavu yolola brake fluid kutuluka koma osabwerera. Kanga ndinagula mushopu ina ya masipeya ku Limbe, kalibe ndi dzina lomwe, ndagwiritsa pa Corolla yanga pedulo itafewa moti umapopa kaye kawiri ndi pomwe galimoto igwire.

Ubwino wake waukulu ndi woti simufunanso munthu wokhala pa mpando. Amene munabulidako mukudziwa zija za "popani, popani, gwirani!" wina ali pansi ndi sipanala, ndiye wamkatiyo akangosiya pedulo musanamange nipo (kabawuti kotulutsira fluid kuseri kwa tayala) mpweya wabwereramo, yambaninso. Apa ayi, mumakweza galimoto pa jeki nkuikapo stand, kuchotsa tayala, kulowetsa paipi pa nipo, kumasula pang'ono ndi sipanala ya 8 kapena 10, nkupita kukaponda nokha pang'onopang'ono. Ine ndinayambira tayala lakumbuyo kumanzere poti ndi lomwe lili kutali ndi master cylinder (pampu yomwe pedulo imakankha) pa magalimoto athu a siteringi kumanjawa, kenako kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, kumaliza kutsogolo kumanja. Fluid woyamba anatuluka wakuda bii ngati tiyi wopanda mkaka, thovu lambiri, mpaka anayamba kubwera woyera.

Pali zondidandaulitsa ndithu. Paipi yake ndi yolimba, imavuka pa nipo mukamapopa, ndinachita kuimanga ndi cable tie. Chinanso mpweya umatha kulowa m'mbali mwa nipo mukaimasula kwambiri, valavuyo pamenepo siithandiza, ndiye muzimasula pang'ono chabe, ena amapaka girisi kuzungulira potsekerapo. Pepala la malangizo munalibe.

Ndipo samalani ndi kathanki ka brake fluid ka mu boneti, musalole kaume, muziwonjezera mukangopopa kangapo, kakauma mpweya ulowa mu master ndipo pa galimoto za ABS mwina mufunika makaniko wa kompyuta. Ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, pa galimoto yakale ma seal a mu master amang'ambika akapita kumene sanazolowere kufika. Fluid akadonthera pa penti tsukani ndi madzi pompo, amadya penti.

Nkhani ya fluid ndikhalepo pang'ono chifukwa ambirife timangothira chilichonse. Werengani pachivundikiro, pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. DOT 3 watsopano amawira pa 205°C, DOT 4 pa 230°C, koma onsewa amayamwa chinyezi, akakhalitsa amatsika mpaka 140 ndi 155. Ndiye ganizani mukutsika Khwekhwerere kapena Chiweta galimoto yodzaza, phazi lili pa buleki njira yonse, fluid wakaleyo akawira pedulo imangopita pansi, zimandiopsa kwambiri ndikaganiza za ana ali kumbuyo. Nchifukwa chake amati musinthe pakatha zaka ziwiri zilizonse. DOT 5 ndi wa silicone, musasakanize, ndipo botolo lomwe linatsegulidwa kalekale lisiyeni, gulani lomata.

Kwa ine pedulo inalimba bwinobwino, ikugwirira pamwamba. Koma ngati mwabulida matayala onse anayi, mukaponda nkugwira pedulo ikumatsikabe pang'onopang'ono, si mpweyanso umenewo, ndi master cylinder kapena penapake pakudontha, yang'anani kuseri kwa matayala ngati kwanyowa komanso mapaipi a labala ngati akufufuma. Pa galimoto za mabuleki a drum kumbuyo, nthawi zina vuto ndi ma shoe a mkati mwa drum ofunika kusendeza. Zimenezo kabotoloka sikangakonze, pitani ku galaja, ndipo musanalowe mumsewu yesani kaye pabwalo pa liwiro lochepa.