Za vuto la kukodza ndi chithandizo chimene ndinalandira ku Joni

Ndikulembera abale anga a ku Mangochi, makamaka abambo amene adutsa zaka 50, chifukwa nkhani ya mkodzo timaibisa mpaka itatigwetsa. Ndakhala ku Johannesburg zaka zoposa 20 ndikusoka zovala, ndipo vuto langa linayamba pang'onopang'ono: usiku ndinkadzuka kanayi kapena kasanu, mkodzo unkatuluka mofooka, ndipo ndikatenga udhu (kusamba kwa ife Asilamu tisanapemphere) kuti ndiswali, timadontho totsalira tinkandidetsanso. Poti ndinakulira m'mphepete mwa nyanja ku Malindi, ndinangoti ndi likodzo lakale lija, moti ndinamwa mankhwala ake kawiri popanda kusintha.

Usiku wina mkodzo unatsekekeratu, ndipo anzanga ogona nawo nyumba imodzi anandithamangitsira kuchipatala cha boma, komwe anandiika kachubu kotulutsira mkodzo. Dokotala anandifotokozera kuti pansi pa chikhodzodzo pali kachiwalo kotchedwa prostate, kakakulu ngati suku, kamene kanazungulira njira ya mkodzo, ndipo mwamuna akamakalamba kamakula n'kumafinya njirayo. Kukulako pakokha si khansa, komabe anandiyeza magazi a PSA, ofufuzira zizindikiro za khansa ya prostate, ndiponso kundipima ndi chala kumbuyo, zimene kunena zoona zinandichititsa manyazi kuposa matendawo.

Mapiritsi a tamsulosin, omasula njira ya mkodzo, atalephera, anandilembera opaleshoni yotchedwa TURP, imene ndinaidikira miyezi ingapo kachubu kali m'thupi. Ndinkaopa chifukwa malume anga anachita kung'ambidwa pansi pa mchombo n'kugona masabata, koma ine sanandicheke paliponse. Anandibaya jakisoni wa dzanzi pamsana, n'kulowetsa kachipangizo kowonda kokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo, kenako n'kumapala mnofu wotsekawo ndi kawaya ka magetsi, ine ndili maso ndikumva madokotala akucheza. Zinatenga pafupifupi ola limodzi. Kachubu anakachotsa patatha masiku awiri, ngakhale kuti mkodzo unkabwerabe ndi timagazi kwa masabata angapo ndipo anandiletsa kunyamula zolemera.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikubisirani. Ambiri amene achitidwa TURP, ine ndemwe, mphamvu za m'nyumba zimakhalapo ndithu, koma umuna m'malo motuluka umabwerera m'chikhodzodzo, choncho amene akufunabe ana afunsitse asanasaine pepala. Ilipo njira ina yotchedwa Rezum, imene inavomerezedwa ku America mu 2015, yomwe amapopera nthunzi ya madzi otentha mu prostate kwa masekondi 9 pamalo alionse, mnofuwo n'kumafota wokha m'miyezi yotsatira. Munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo ndipo kawirikawiri umuna sukhudzidwa, koma kuno ndinaipeza m'zipatala zolipira, za anthu okhala ndi medical aid, osati telala ngati ine.

Mchimwene wanga wa ku Namwera, amene wakhala akumwa zitsamba chaka chathunthu, ndamuuza kuti apite kuchipatala cha pa boma akapimidwe, ndipo kukafunika apemphe kalata yomutumiza ku Zomba kapena ku Queens, chifukwa mkodzo ukamabwerera m'mbuyo umawononga impso. Ndalama ya thiransipoti ndamutumizira kale, ndipo ndapempha alamu kuti andiimbire akangokwera minibasi.